Kiyibodi yoti idzatsate mawu a amayi

Okondedwa achimwene,

Moni m'dzina la Ambuye amene watisunga mpaka lero. Kaya inu muli bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana? Nanga amayi, bondo lija likuwalola kuyenda? Ine kuno ndili bwino, kungoti msana umadandaula chifukwa choimirira tsiku lonse ndi simbi m'manja. Alendo achuluka kuhotela, ndiye nsalu za pabedi ndi matawulo sizikutha kusita. Sindikudandaula ayi, poti ntchito ikachuluka m'pamene bwana amakumbukira kuti tilipo.

Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa pafoni inu mumandidula pakamwa, pamene nkhaniyi ndi yaitali. Dalaivala amene akupatseni kalatayi wanyamulanso kaphukusi ka mankhwala opaka a amayi.

Mukukumbukira kuti ulendo watha ndinalonjeza pamaso pa banja lonse kuti pa ukwati wa mlongo wathu mzime ndidzaimba ndine, musavutike kufuna bandi. Ndinalankhula mokhuta tsiku lija. Nthawi imeneyo ndinali ndi anzanga awiri kutchalitchi kuno, wang'oma ndi wa gitala ya besi, ndipo ndinkayesa tidzabwera tonse. Pano wang'oma uja anamusamutsa kuntchito, wa besi anakwatira ndipo akazi ake akuti Loweruka ndi lawo. Ndinatsala ndekha ndi kiyibodi ya mpingo, imene sindingaitulutse m'tchalitchi, komanso makiyi ake ena anasiya kalekale kulira. Inu munauza kale akuchimuna kuti zoimba zili m'manja mwathu, ndiye ndikalephera manyazi sakhala anga ndekha.

Abusa ndi amene anandiuza za mtundu wina wa kiyibodi umene umadziimbira wokha ng'oma, besi ndi malipenga. Ndi dzanja lamanzere umangogwira makiyi angapo pamodzi, iyo n'kudziwa kumene nyimbo ikulowera, bandi yonse ya m'katimo n'kumakutsata. Dzanja lamanja ndiye limaimba nyimboyo. Munthu mmodzi amamveka ngati gulu. Ndinatenga kandalama kamene ndakhala ndikusunga n'kupita kushopu ya zoimbira.

Apa ndiulule, achimwene, maso anga anachimwa. Pakati pa shopuyo panali chikiyibodi chachikulu, chonyezimira, chokhala ndi galasi ngati la TV ndi timagetsi tosinthasintha. Wogulitsa anangodina batani limodzi n'kupinda manja, icho n'kuyamba kudziimbira nyimbo imene anaikamo kale, mokoma mwakuti anthu odutsa anaima pakhomo. Nthawi yomweyo ndinadziona ndili pa ukwati, nditavala suti, akuchimuna onse kukamwa yasa. Za mlongo wathu sindinaganize, za Mulungu ndiye musafunse. Mtengo wake unali wopitirira thumba langa kutalitali, koma wogulitsa anayamba kunditchula kuti bwana, akuti ndikhoza kumapereka pang'onopang'ono. Ndinatsala pang'ono kuvomera. Musaganize kuti chinandipulumutsa ndi chiyero. Ndinangoyesa kuchinyamula, msana n'kundikumbutsa masitepe a kunyumba kumene ndikukhala ndi basi ya ulendo wobwera kwanuko. Ndinati ndibweranso.

Pashelefu yapansi panali ina yaing'ono, yogwirapo kale ntchito, yokalika pakona. Wogulitsa sanavutike n'kuipukuta fumbi komwe, nanenso ndinangoiyang'ana ndi diso limodzi.

Lamulungu lotsatira m'pamene nzeru zinandibwerera. Mumpingo mwathu muli mayi wina wachikulire, telala, amene tonse timawatchula kuti Mayi Wailesi, chifukwa akayatsidwa sazimitsika. Iwowa amayambitsa nyimbo ali pampando pawo, osachenjeza munthu, pa kiyi iliyonse imene yawafikira kukhosi. Amayamba pang'onopang'ono ngati akutsika phiri ndi katundu pamutu, koma anthu akangoyamba kuwomba m'manja, amathamanga. Ndikuwasakasaka pa kiyibodi ya mpingo ija, ndinangoti, awatu ndi amayi athu enieni. Pa ukwatipo amayi sadzadikira pulogalamu. Adzangoimirira n'kuyamba, inu mukudziwa. Tsono chikiyibodi chija chinandikopa chikuimba nyimbo yakeyake, pa liwiro lakelake, popanda munthu woimba nacho.

Titaweruka ndinawapempha Mayi Wailesi kuti andiperekeze kushopu akandiimbire. Anaseka mpaka kugwira khoma. Akuti chibadwire anthu amawapempha kuti asiye kuimba, woti awapemphe kuyamba ndine woyamba.

Anabwera Lolemba masana, tepi yoyezera ili m'khosi. Wogulitsa atamva chimene tadzera anati muno si m'tchalitchi. Iwo anamufunsa ngati anaonapo telala wogula makina osokera atangowaona akuzungulira opanda nsalu. Anamutchula kuti mwana wanga, n'kumuuza kuti ayatse zinthu zakezo, ali ndi madiresi a anthu akuwadikira.

Tinayamba ndi chachikulu chija. Mayi anayambitsa nyimbo. Kiyi ndinaipeza, koma posinthira liwiro la ng'oma panali pagalasi paja, ndipo umayenera kutsegula tsamba ili, kenako linalo. Pamene ndimapapeza, mayi anali ali pa ndime yachiwiri, ng'oma zikubwera m'mbuyo ngati munthu wothamangira basi imene yanyamuka kale. Wogulitsa anati chimafunika kuwerenga kaye buku lake. Mayi anamuyankha kuti nyimbo ikawafika pakhosi sangaiuze kuti idikire mnyamata akuwerenga. Sindikuchinyoza chikiyibodicho ayi. N'chabwino kwa munthu amene amakonzeratu nyimbo zake kunyumba, oimba ake n'kumamvera iye. Ife oimbira amayi athu timamvera ndife.

Kenako tinatsitsa yaing'ono ija, mayi n'kuipukuta ndi mpango wawo. Ili ndi batani lina limene umaligogoda ndi chala motsata mmene munthu akuimbira, ng'oma n'kulowa pa liwiro lomwelo. Pambali pake pali kagudumu kopotokola, kothamangitsira kapena kubweza nyimbo, ndipo mabatani okwezera ndi kutsitsira kiyi ali pafupi ndi dzanja, osafuna kuwasaka. Mayi anayamba motsitsa, ine n'kugogoda, tinalowa limodzi. Anathamanga dala kuti anditaye, ine n'kupotokola kagudumu, tinakafika kumapeto tonse. Wogulitsa uja tinamupeza akuwomba nawo m'manja. Mayi anangoti ndigule yonyansayi, ili ndi makutu.

Ndisanapereke ndalama ndinadina makiyi onse, oyera ndi akuda, kuopa za kiyibodi ya mpingo zija. Ndinayesa pobayira waya wopita ku sipika yaikulu, ndi pa mahedifoni pomwe, chifukwa mnzanga amene timakhala chipinda chimodzi ndi mlonda, amagona masana. Malipenga ake samveka ngati enieni, ndisakunamizeni, amalira ngati ali ndi chimfine. Koma ng'oma ndi besi zili bwino, kiyibodiyo imalowa kukhwapa, ndipo ndinatuluka wopanda ngongole ya munthu.

Musaganize kuti zonse zinayenda myaa. Lamulungu loyamba kuiimba m'tchalitchi tinayamba bwino kwambiri, mpaka achinyamata akumbuyo anadzuka kuvina. Pakati pa nyimbo Mayi Wailesi anangoima n'kuyamba kuchitira umboni za mwana wawo amene anatuluka m'chipatala. Iwo misozi ili mbwembwembwe, ng'oma zanga zikungopitiriza chisangalalo. Munthu wang'oma akanaona n'kuleka, koma makina alibe maso. Manja anga onse anali pa makiyi. Mwaphuma ndinadina batani lolakwika, lomalizira nyimbo, ndipo malipenga achimfine aja analira mwamphamvu mayi akutchula za opaleshoni. Mpingo wonse unaseka, abusa anabisa nkhope m'manja. Ine ndinalakalaka pansi patatseguka. Titatuluka mayi anandikoka khutu, akuti anyamata anga a m'bokosiwa amaimba bwino koma sanaleredwe, ndiwaphunzitse kukhala chete akulu akamalankhula.

M'mawa mwake ndinabwerera kushopu kukagula chopondera ndi phazi. Ukachiponda bandi yonse imati zii, ukachipondanso imayambiranso. Wogulitsa anandichotsera mtengo, akuti ndikapereke moni kwa mayi a tepi aja. Chiyambire pamenepo sitinachitenso manyazi, ndipo masiku ano ndimagona tulo.

Panali china chimene chinkandivuta mumtima. Anthu akamandithokoza kuti ng'oma zinakoma, ndinkadzimva ngati wakuba, poti ng'omazo sindinaimbe ine. Ndinapita kwa abusa kukafunsa ngati sichinyengo pamaso pa Mulungu. Iwo anandifunsa ngati ndikasita ndi simbi ya magetsi ndimakalapa kuti sindinakoleze makala. Anati chachikulu ndisadzauze munthu kuti lipenga ndaliza ndi pakamwa panga. Ndinaseka, mtima n'kukhala m'malo, ngakhale kuti pa ukwatipo ndidzanenabe ndekha kwa akuchimuna kuti bandi yake ndi munthu mmodzi ndi bokosi.

Tsopano pempho langa ndi limodzi. Mundijambulire pafoni amayi akuimba nyimbo yawo yothokoza ija, imene anatiimbira aliyense wa ife pochoka pakhomo. Ndikudziwa kuti ndi imene adzayambitse mzime akamadzatuluka. Koma chonde asadziwe kuti mukuwajambula. Akadziwa adzavala mawu a Lamulungu, kukweza kiyi n'kuimba mowongoka ngati ali pa mpikisano. Adikireni akamachapa kapena kusesa, foni ili m'thumba la malaya. Ndikufuna ndimve pamene amayambira, pamene amathamanga, makamaka pamene amaima.

Inu mukupadziwa pamene ndikunena, pa mzere uja umene malemu bambo ankayankha ndi mawu awo a pansi. Chimwalirireni bambo, amayi akafika pamenepo amangokhala chete kanthawi, kenako n'kupitiriza. Kiyibodi yangayi ili ndi besi yoti ikhoza kutseka mpata umenewo, koma sindidzailola. Ndikufuna phazi langa lidzakhale lili kale pa chopondera, kuti amayi akadzangoima, anyamata a m'bokosi nawonso adzaime. Mukadzaona kuti mtima ukukulolani, achimwene, mudzayankhe ndinu. Ulendo watha ndinakumvani mukuimba kuseri kwa nyumba, ndipo ndinatembenuka kuyesa ndi bambo.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze azipaka mankhwalawo m'mawa ndi madzulo, asamawasungire alendo. Moni kwa alamu ndi ana onse, kwa azakhali, kwa amalume ndi akazi awo. Mlongo wathu mzime mumuuze asade nkhawa, zoimba zilipo, iye angoonetsetsa kuti pamalopo pali soketi ya magetsi pafupi ndi pamene amayi adzakhale. Muzindikumbukira m'mapemphero monga nanenso sindikuiwalani.

Ambuye akusungeni mpaka tidzaonane.

Ndine mng'ono wanu,
uja mumati Kazala