Lachinayi la a Seo

Busan,
9 Novembala 2023

Okondedwa achemwali anga a Myeong-suk,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi. Kuno kwayamba kuzizira, koma kabichi wokonzera kimchi, ndiwo zathu zowawasa zija, sindinagulebe.

Paja ndinakuuzani kuti ku kampani yathu ya malole anachotsa bolodi langa lija, lomwe ndinkagawirapo maulendo kwa zaka makumi awiri. Tsopano zonse zili m'makompyuta akutali, omwe amawatcha mtambo. Katundu akatsika padoko, makinawo ndiwo amasankha dalaivala, ine kwanga n'kungodina kuvomereza. Abwana akuti mafuta sakuwonongekanso, ndipo sakunama.

Koma zina sindinkazilemba pabolodi. A Seo, dalaivala wathu wachikulire, Lachinayi lililonse ndinkawapatsa maulendo apafupi kuti masana aperekeze akazi awo kuchipatala kukasefetsa magazi, poti impso zinasiya kugwira ntchito. Iwo sanandipemphepo, inenso sindinauzepo munthu.

Sabata yatha makina anawaponya ku Incheon, ulendo wa tsiku lonse. Ndinaona, achemwali. Ndinaona kuti ndi Lachinayi. Koma ukasintha zomwe makina asankha umayenera kulemba chifukwa, ndipo mwezi watha abwana anandiitanira kale mu ofesi chifukwa chosinthasintha. Ndinadina.

A Seo anasuzumira pawindo langa makiyi ali m'manja. "Mayi Bae, kodi bwana wanu wakumwambayu masiku sawadziwa?"

"Alibe nthawi ya nkhalamba," ndinawayankha choncho, tonse n'kuseka.

Akazi awo aja anapita okha kuchipatala pa basi. Pobwerera anachita chizungulire n'kugwa potsika, mutu kumenya pansi. Uthenga unawapeza a Seo akutsitsa katundu. Pomwe ankafika kuno n'kuti akazi awo atatisiya.

Kumaliro ndinagwada pamaso pa a Seo ndikulira. Iwo ndi amene anandidzutsa. "Musalire, mayi Bae. Ndi makina aja. Inuyo mukanakhala ndi mphamvu simukanalola."

Ndinavomera ndi mutu.

Lolemba abwerera kuntchito, ndipo adzafikanso pawindo paja kudzandipatsa moni. Ndiwauze kodi? Mundiyankhe ndi kalata, chonde, pafoni sindingathe.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Amayi musawawerengere kalatayi. Akafunsa za ine, muwauze kuti ndili bwino, ntchito inapepuka.

Ndine mng'ono wanu,
Ok-ryeon