Mpini wa Bernardina

Lolemba, 15 Julho 2024

Tsiku lija linali ngati masiku onse. Nkhungu inachedwa kuchoka m'dambo. Mkazi wanga Bernardina anachokera kudimba la kachewere miyendo ili matope okhaokha, nkutsamiritsa khasu pakhoma. Ine ndili pakhonde, ndikusema mfuti ina yamtengo. Zija za akoboi, zimene ndinazikondera m'mavidiyo ku Dedza tili othawa nkhondo. Zangazi siziwomba. Koma kang'oma ka zipolopolo kamazungulira, ndipo kanyundo kakumbuyo uyenera kukakoka kaye ndi chala chachikulu, kenaka kamveke thwa. Mola yake, sipuling'i ija, ndi kachitsulo ka m'njinga yakufa.

Bernardina anandilanda mfutiyo nkundilozetsa. "Manja m'mwamba, bambo a Edilson!" Nkuseka. "Koma zogwirira zanuzi mumasemera zimphona? Khoma lonse ladzaza mfuti, yokwana dzanja langa palibe." Ndinati abweretse dzanjalo ndiliyeze. Anati lili matope, mawa.

Mawa lake ndi lija tinakwera chapa, kaminibasi kaja, kumuperekeza kuchipatala ku Ulongwe. Sanabwereko akuyenda yekha.

Lachiwiri, 16 Julho

Arlete, mng'ono wake, watumiza mawu. Loweruka abwera ndi akuchikazi kudzagawa katundu wa malemu. Ndi mwambo, sindingakane. Zonse za B. zichoka m'nyumba muno.

Lachinayi, 18 Julho

Ndamulota. Amayenda m'mizere, nkhungu ikumulekeza m'chiuno, dzanja atalitambasulira kumbuyo osacheuka. Ine pambuyo ndi kachingwe koyezera. Ndikati ndifike, mzere umatalika.

Tsiku lonse ndayesa kukumbukira. Dzanja ndaligwira zaka zonsezi, koma kukula kwake sindikukudziwa. Ndatenga chibangili chake, chikungonena za mkono.

Lachisanu, 19 Julho

Posesa pakhonde ndasuntha khasu lake, koyamba chiikireni iye. Pampini pali malo osalala, akuda, olowa pang'ono, pomwe ankagwira. Ndaikapo dzanja langa, lasefukira. Ndakhala pansi pomwepo mpaka dzuwa lafika pamapazi. Sindinamalize kusesa.

Loweruka, 20 Julho

Abwera. Anayala mphasa pabwalo. Makapulana, zitenje zija, mulu uwu, mapoto mulu uwo, nsapato zake zopitira kumisa ku Fonte Boa pamwamba. Chilichonse akandifunsa ndimangoti inde. Arlete atanyamula khasu, mawu anatuluka okha.

"Alamu, chitsulocho tengani. Mundisiyire mpini."

"Mpini? Anzanu amalimbira mapoto, inu kamtengo?"

Azakhali awo anang'ung'udza kuti khasu loguluka apatsa ndani, anthu angati tagawa zinyalala. Arlete anasuzumira m'nyumba, nkuyang'ana mfuti zija pakhoma, kenaka ine. Anapita pamwala, nkugogoda mpaka chitsulo chinaguluka.

"Mpini wina asema amuna anga," anauza azakhali. Kwa ine, motsitsa: "Ankandidandaulira achemwali kuti mfuti yawo simunawapangire."

Anyamula zonse. M'chipinda mukumveka mawu ngati m'tchalitchi mopanda anthu.

Lamulungu, 21 Julho

Sindinapite kumisa. Mpini uli pamiyendo, mpeni pambali. Mantha kuudula.

Lachitatu, 24 Julho

Ndadula. Pamalo osalala paja ndang'amba pakati, zidutswa ziwiri, china uku china uku, nkuzikhomera pa mfuti imene anandilanda tsiku lija. Thupi la chogwirira ndalichepetsa kuti litsatire mpini. Kunja kwake sindinapale ngakhale pang'ono, kapena kupaka mafuta. Anapaka kale mwini wake.

Sindinaipachike ndi zinzake. Ili pazenera pomwe ankakhala popesa tsitsi.

Madzulo ano ndaitenga, ndakoka kanyundo, thwa. Zala zitatu zakwana. Chaching'ono chatsala panja, chikulendewera chokha. Kani dzanja lake linali laling'ono chonchi.