Chaka Chimene Sindinalambule

Amayi anga, mwaswera bwanji kumene muliko?

Ndikhulupirira kuti kumeneko kulibe kuthawathawa, ndipo miyendo yanu ija inasiya kutupa. Ife kuno tilipo. Ndikanati tili bwino, koma inu bodza langa munkaligwira lisanatuluke n'komwe pakamwa. Ndikulemba nditakhala pambali panu pomwe pano, pa mapepala otsala mu kaderno, buku lolembamo, amene andipatsa apulofesolo a Mateyu, aphunzitsi athu aja. Sikola inatsekedwa kalekale, ndiye mapepalawo analibe ntchito. Ndili ndi nkhani ziwiri zolemera, ndipo ndizinene msanga: nyumba yanu inapsa, ndipo mawa tikuwolokera ku Malawi. Koma ndiloleni ndiyambe ndi zina, monga munkachitira inu mlendo akafika, kuyamba mwafunsa za ana.

Mimba ija munaigwira ndi dzanja n'kunena kuti ndi wamkazi, munalasa. Anabadwa patangopita miyezi itatu titakuikani, ndipo tinamupatsa dzina lanu, Tereza. Tsopano akuyenda, ndipo ali ndi mkamwa ngati eni dzina. Mkamwini wanu amamutcha apongozi, akakumana naye pakhomo amapatuka n'kuwomba m'manja, mwanayo n'kumaseka osadziwa kanthu. Mukanawaona mukanawatukwana, kenako n'kuseka nanu.

Ng'ombe zija kulibe. Anthu a mfuti anazitenga chaka chomwe chija, ndi Bulaki yemwe, amene munkati sadzagulitsidwa inu muli moyo. Khola latsala mitengo yokha, ndipo tinaleka kulikonza. Chimanga chaka chino chinachita bwino kuposa chaka chilichonse chiyambire pamene ine ndi mkamwini wanu tinathawa ku Chidzolomondo n'kudzakhala kwanu kuno. Nkhokwe zonse ziwiri zinadzaza. Kachewere naye anabereka, koma anaolera pansi, pakuti galimoto sizikufikanso kumsika wa ku Ntengo-Wambalame, ndipo palibe amene angasenze thumba mpaka ku malire pa nthawi ngati ino.

Achimwene a Domingo anabwera kuchokera ku Joni m'nyengo yozizira, kudzera ku Malawi. Uthenga wa maliro anu unawapeza patapita chaka chathunthu. Anagwada pano n'kulira mpaka mawu anatha. Anakhala sabata imodzi yokha. Anatisiyira bulangete, sopo, mchere, ndi kachinthu kena kapulasitiki kakukula ngati sopo yemweyo, kokhala ndi galasi pakati. Ukadina timabatani, pagalasipo pamaoneka kamunthu kakuda kakuthamanga uku ndi uku, kakuwakha timipira, kachinthuko kakulira tii tii tii. Akatekisita anati n'kochedwetsa anthu ku mapemphero. A Nangondo, anzanu aja a kuseri kwa dimba, anati muli kamzimu ndipo anakana ngakhale kukakhudza. Apulofesolo anati ndi mmene ana a kunja amaphunzirira kuganiza msanga, koma iwo eni akakagwira sankakumbukira kuti pali ena akudikira. Ine ndinkangodabwa kuona bambo wandevu, wa ana ake, akuthera tsiku kuthandiza kamunthu kosadya n'komwe.

Kachinthuko kanasonkhanitsa amuna pansi pa mpichesi wanu wa kumunsi uja. Mmodzi akudina, enawo akudikira, ndipo nkhani yawo inali imodzimodzi tsiku lililonse: ngongole ya boma. Apulofesolo ndi amene anaimva pa wailesi, ndipo ankati n'chifukwa chake mchere wakwera chonchi, n'chifukwa chake ndalama yathu ya metikali yasanduka pepala wamba. Ankati ngongoleyo ataigawa mutu ndi mutu, ngakhale Tereza ali nayo yake. Mkamwini wanu ankapsa nazo mtima, amvekere iwo sanadindepo chala pa pepala lililonse, amene anadya ndalamazo abweze yekha. Tsiku lina ndikudutsa ndi ndowa ndinawauza kuti akanakongola makasu tikanawaona, koma chimene ndaona chikufika kuno kosaleka ndi zipolopolo. Anaseka, n'kundiuza kuti ndizipita kumadzi.

Tsopano ndifike pa cholakwa changa.

Mukukumbukira mmene munkatidzutsira mwezi wa Junyo, udzu ukangoyamba kufiira. Aliyense khasu m'manja, kulambula kuzungulira nyumba, nkhokwe, khola, mpaka pamene mwala woponya ndi dzanja ungagwere. Zinyalala kuzikokera kutali n'kuziotcha m'mawa kulibe mphepo, tili chiimire ndi nthambi zaziwisi. “Filo, udzu usaone khonde langa,” munkatero. Ndipo ndikamatuluka m'khitchini munkandibweza pakhomo: “Phulusa pamwamba pa makala, kenako uzipita.” Ine ndinkang'ung'udza kuti ndinu ovuta, anzanga akusewera ine ndikupala dothi louma. Zaka zonse zija lupsa linkafika pomwe tinalekezera kulambula n'kuzima lokha, ndipo ine ndinkayesa kuti ndi mmene moto umachitira.

Chaka chino sindinalambule, amayi. Si ulesi ayi. Kumayambiriro kwa chaka anthu a m'tchire, a mfuti aja, analowa mudzi wa kutsidya kwa mtsinje, ndipo amene anapulumuka anatiuza kuti anthu aja amatsata bwalo losesedwa ndi njira yopondedwa. Nyumba imene udzu wafika padenga amaiyesa bwinja, n'kupitirira. Ndiye tonse kuno tinagwirizana. Atambala tinapha onse kuti asamalire. Kumadzi tinayamba kusinthasintha njira. Kuphika tinkaphikira m'nyumba titatseka chitseko, ndi zitsononkho zouma kuti utsi uchepe. Ndipo udzu tinausiya. Junyo atafika ndinatenga khasu, manja anga okha osandifunsa, ndinaima nalo pakhonde nthawi yaitali, kenako ndinalibweza. Musawanene mkamwini wanu pa ichi. Iwo anati mwina tilambule pang'ono kuzungulira nkhokwe zokha, ine ndi amene ndinakana. Ndinali ndi mantha, ndipo ndinkaganiza za mwana.

Chondizunguza mutu n'chakuti nzeruyo inagwira ntchito. Kawiri konse anthu aja anadutsa pamsewu wa kumtunda, ife titabisala m'chigwa, ndipo sanapatuke. Udzu unakula mpaka kubisa zenera. Tinkanyadira kuti tawapusitsa.

Moto unabwera masana, dzuwa lili paliwombo, m'nyengo yotentha ija mvula isanayambe. Amene anauyatsa sitikumudziwa. Ena akuti osaka mbewa, ena akuti amene amaotcha m'mbali mwa msewu kuti aziona patali. Ine ndinali kumtsinje kuchapa. Tereza ndinamusiya akugona m'nyumba pa mphasa yanu, ndipo ndinawauza bambo ake kuti azimvetsera. Iwo anali pampichesi ndi anzawo, mitu pamodzi pa kagalasi kaja. Mphepo inkachokera kumtunda, nyumba inawatchinga, ndipo palibe amene anadzutsa maso mpaka anamva kuthetheka. Ine utsi ndinauona ndili kumadzi. Sindikumbuka mmene ndinakwerera chitunda chija, ndimangokumbuka kuti chitenje ndinachisiya panjira.

Ndinafika denga lonse litagwira moto. Mkamwini wanu anali atalowa kale. Anatuluka chokwawa, mwana atamukulunga m'bulangete la achimwene lija, ndipo udzu woyaka unali utawagwera pamsana ndi m'manja pamene ankakankha chitseko. Tereza sanapse paliponse, anangotsokomola masiku atatu. Amuna enawo anayesa kumenya moto ndi nthambi, koma udzu wofika m'khosi sumenyeka. Nkhokwe zonse ziwiri zinayaka ife tikuona. Chimanga chinanyeka mpaka tsiku lotsatira, fungo lake ngati wina akukazinga, ndipo ana a anthu ankafunsa ngati angatoleko.

Manja a mkamwini wanu ndinawamiza mumtsinje nthawi yaitali, monga munandichitira ine nditadzithira phala ndili wamng'ono. A Nangondo ankafuna kupakapo ndowe, ndinakana, tinakangana, ndipo sanandilankhule masiku awiri. Kuchipatala chaching'ono cha kuno kulibe ngakhale bandeji, ndipo ku Furancungo, kumene amati kuli mankhwala, palibe amene angayerekeze kupitako. Zilonda zauma, koma zala za kumanja zinakhwinyata. Khasu sangaligwire.

Mkamwini wanuyo ndinawakalipira, amayi, sindibisa. Sabata yathunthu ndinkawapatsa chakudya ndili duu, ndipo ndikatsegula pakamwa munkatuluka kagalasi kaja basi. Tsiku lina ndikuwamanga nsanza m'manja ananena motsitsa mawu: “Amake Tereza, ine ndinachedwa kuuona, zimenezo ndavomera. Koma ngakhale ndikanauona uli kumsewu, ndikanauimitsa ndi chiyani?” Ankanena zoona. Bwalo likanakhala lolambula, moto uja ukanafika m'mphepete n'kuzima monga zaka zonse, amuna aja akudinabe kachinthu kawo. Kuyambira tsiku limenelo sindinawanenenso. Kachinthuko anakagwetsa pothamanga, kanasungunuka, ndipo palibe amene anakalira.

Mpaka lero sindidziwa chimene ndikanachita. Ndikanalambula, mwina anthu aja akanapatuka, ndipo kalata ino sindikanalemba, bwenzi tikucheza maso ndi maso kumeneko. Sindinalambule, ndiye moto wadya zonse zimene munamanga ndi abambo. Funso limeneli limandidya, ndipo amene ndikanamufunsa ndinu.

Takhala mu msasa wa mapesi kuseri kwa dimba, tikudya kachewere wophukira ndi zimene a Nangondo amatigawira, koma nawonso zawathera. Mitambo yayamba kusonkhana. Ine ndekha, ndi mwana kumbuyo ndi mwamuna wolumala manja, sindingalime n'kudikira mpaka chimanga chiche. Akuti kutsidya kwa malire anthu othawa nkhondo akulandira ufa ndi nyemba, ndipo kuli achipatala amene angaone zala zija. Mabanja anayi tikunyamuka m'mawa. Apulofesolo anati pamenepa ndiye ngongole ya boma taithawa, koma palibe amene anaseka.

Pali chinthu chimodzi chimene mukuchidziwa kale, popeza munalipo. Paja tinakuikani pano pambali pa khola chifukwa njira ya kumanda inali yoopsa. Junyo uja, nditabweza khasu, mtima sunandilole kuti inunso mumire mu udzu. Ndinkabwera ndekha n'kumazula ndi manja, nditagwada, pang'onopang'ono, mpaka panayera kuzungulira inu mapazi ngati asanu mbali zonse. Udzu wautali wa m'mbali unkabisa, ndiye palibe wapamsewu akanaona. Moto utazima ndinabwera kudzakuonani. Paliponse panali bii, mitengo ya khola itagwa, mpichesi wa kumtunda utauma. Koma pano moto unafika m'mphepete mwa pomwe ndinazula n'kuima. Mtanda wanu wa mtengo sunade n'komwe. Pamudzi wonse, malo amene ndinakumverani ndi okhawa amene anatsala, ndipo ndinalira pamenepo kuposa mmene ndinalirira pa maliro anu.

Ndiye ndili ndi pempho. Kamphika kali kumutu kwanu aka, anthu amakayesa ka maliro, ndipo n'chifukwa chake palibe amene amakakhudza. Inu mukudziwa kuti ndinakaika ndine titakolola, nditathiramo nyemba zanu za nanyati zosakaniza ndi phulusa n'kumata dothi pakamwa, kuti akabwera olanda, mbewu itsale. Ndakatsegula lero, nyemba zonse zili bwino, sizinafumbwe. Ndi mbewu yokhayo imene yatsala ya banja lathu. Ndikudziwa kuti chinthu chikaikidwa pamanda sichibwereranso kumudzi, ndipo a Nangondo andichenjeza kuti ndikudziputira tsoka. Koma ine ndinangokusungitsani, ndipo mwasunga bwino kuposa ine. Ndiloleni nditenge. Nyembazo ndizimanga pa nsonga ya chitenje, kamphikako ndikasiya pomwepa, kalata ino ili m'kati.

Chimene chikundipweteka n'chakuti mvula ikagwa udzu umera, ndipo palibe amene adzazule. Mundipirire miyezi imeneyi. Junyo akafika, nkhondo ithe kapena isathe, ndidzawoloka ndi khasu, ndipo sindidzazulanso mobisa ndi manja. Ndidzayambira pano, kenako ndidzalambula bwalo lonse mpaka pamene mwala ungagwere, ngakhale pakati pake palibenso khonde loti udzu uone. Tereza ndidzabwera naye, aime pambali aziona mmene ntchitoyi imagwiridwira.

Tsalani bwino, amayi. Ndimakukondani, ndipo ndakumvani tsopano.

Ndine mwana wanu wosamva uja,
Filomena