Kafukufuku Wandifikitsa kwa Achimwene

Hillbrow, Joni
14 Malichi 1992

Okondedwa amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mlongo wanga Habiba. Ine ndili bwino, ndipo ndili ndi nkhani ya achimwene a Ajibu, amene mwakhala mukuwalira zaka zisanu ndi ziwiri osamva komwe ali. Khalani pansi, ndipo mundipirire, paja ine nkhani ndimayambira kutali.

Ndinapeza ntchito yomasulira kwa mayi wina wapayunivesite, amene akuchita kafukufuku wa mmene ife obwera tikukhalira kuno. Sangathe kufunsa tonse, ndiye amasankha anthu ochepa oimira onse. Poyamba ankalemba manambala a nyumba pa timapepala n'kumatola m'chipewa ngati maere. Kenako tinkagogoda khomo lachisanu lililonse. Ndinakwera masitepe mpaka mawondo kulira, Amalawi osawapeza. Munthu wopanda mapepala akamva kugogoda kwachilendo amazimitsa wailesi, ngakhale kutsokomola amaleka.

Ndinawauza kuti, "Madamu, akwathu satsegulira mlendo pokhapokha atatumidwa ndi munthu amene akumudziwa." Iwo anaseka, nati njira imeneyo ilimonso m'mabuku awo: ukafunsa mmodzi, iye amakulozera mnzake, mnzakeyo n'kukulozera wina. Tinayambira kwa telala wina wa ku Machinga amene ndinkamudziwa, iye anatitumiza kwa mayi wogulitsa mandasi. Mayiyo anati, "Pitani ku Joubert Park, kuli wosoka nsapato. Sacheza ndi anthu, koma ndi wakwanu."

Amayi, anali achimwene. Mwendo wamanzere unatsala kumgodi, amayendera ndodo. N'chifukwa chake anasiya kulemba makalata, manyazi anawagwira. Ndinalira pamaso pa madamu mpaka pepala la mafunso kunyowa.

Lamulo la ntchitoyi ndi loti zimene munthu wayankha sizituluka, koma izi andilola eni ake. Titamaliza mafunso onse ndinafunsa monga mwa ntchito kuti, "Mungatilozere kwa ndani wina?" Achimwene anayambanso kupukuta nsapato yopukuta kale. Kenako anati, "Suwedi, pita kwa amayi. Ukawafunse ngati angandilandire chonchi."

Funso ndi limenelo, amayi. Habiba alembe mawu anu mmene mwawanenera, ine ndikawawerengera ndekha. Ndakusowani kwambiri.

Moni kwa amalume ndi onse pamudzi. Achimwene moni sanapereke, akuti akuopa kupereka asanamve yankho lanu.

Ine mwana wanu,
Suwedi