Dzanja Limene Ndinakweza pa Lole

Mng'ono wanga wokondedwa,

Landira moni wanga. Bondo lija likukulola kuyenda? Nanga alamu, chifuwa chinawasiya? Ine ndilipo. Mapiritsi ndikumwa awiri pa tsiku, sindinadumphepo n'kamodzi komwe.

Kalata ino ndi yachitatu. Ziwiri zoyamba ndang'amba.

Ukudziwa kuti ndinakhala khansala wa dera lino zaka khumi. Tsiku lotsanzika ndinauza anthu mu holo ya sukulu kuti wochoka pampando sayenera kuloza amene alowepo, ntchito yake ndi kupereka makiyi ndi mafaelo basi. Anandiwombera m'manja. Patapita masabata atatu kalata yako inafika, yonena kuti mwana wathu akuima nawo pa chisankho, ndipo amayi ake aakulu sangangoyang'ana ngati mlendo. Sindikukuimba mlandu. Iwe unapempha monga mayi. Wolakwa ndine, amene ndinkasunga buku la misonkhano.

Bukulo likunena chonchi. Pa misonkhano 60 ya anthu a dera lino, amayi osoka zovala amene ankapikisana naye anabwera 58. Iwiri imene anajomba n'kuti ali m'chipatala. Mwana wathu anabwera inayi, ndipo umodzi mwa inayiyo anangodzatenga makiyi a nyumba kwa ine. Zonsezi ndinkazidziwa pamene ndinakwera lole pamsika, anthu awiri akundikankha kumbuyo, n'kukweza dzanja lake. Ndinalankhula mphindi zisanu ndi ziwiri. Ndinati ndamuona akukula, zimene ndi zoona. Ndinatinso ndamuona akugwirira ntchito dera lino, limene ndi bodza. Kenako ndinayenda nyumba 43. Anapambana, kuwaposa amayi aja ndi mavoti 26.

Papita miyezi isanu. Khonsolo yakumana kasanu ndi kamodzi, iye wapitako kawiri. Ngalande ya mumsewu wa kuchipatala inatsekeka, madzi alowa m'nyumba zisanu ndi zinayi. Anthu sapita kwa iye, amagogoda kwa ine. Wometa wapakona amandifunsa m'mawa uliwonse ngati khansala wanga ndinamutsekera m'chikwama, akuti ndimutulutseko pang'ono aothere dzuwa. Anthu amaseka, nanenso ndimaseka nawo. Agogo a nyumba yachitatu kuchokera pampopi, amene matiresi awo akuumira padenga, anandiuza kuti mnyamatayo sankamudziwa n'komwe. Akuti anavotera mawu anga.

Atelala aja sananditukwanepo. Bola akanatero. Lachiwiri ndinawapeza ali m'ngalande ndi fosholo, pamodzi ndi azimayi ena anayi, matope m'mawondo. Anandipatsa moni mwaulemu, n'kundiuza kuti ndiziponda pa njerwa zimene anayala kuti nsapato zanga zisanyowe. Ndinaponda zonse zisanu ndi zitatu ndikuyang'ana pansi.

Mwana wathu ndamuimbira foni kakhumi ndi kamodzi. Wayankha kawiri, ndipo kawiri konseko anati ali pamsonkhano. Kaya ndi msonkhano uti, poti kukhonsolo sakumuona.

Loweruka pa 14 kuli msonkhano wa anthu onse mu holo yomwe ija. Ndapempha mphindi zitatu. Ndidzanena kuti ndinaphwanya lonjezo langa, kuti ndinanama pa lole paja, ndipo ndidzapepesa atelala pamaso pa aliyense. Ndikudziwa kuti mawu amenewa adzamugwera mwana wathu, ndipo podzafika kwa iwe adzakhala atamera nthenga. N'chifukwa chake ndafuna uyambe wamva kwa ine.

Pempho langa ndi limodzi. Umuimbire, iwe amakumvera. Umuuze abwere Loweruka, adzakhale pambali panga pa benchi yakutsogolo. Akabwera manyazi tidzagawana, ndipo anthu savuta kukhululukira munthu amene akumuona ndi maso. Akapanda kubwera ndidzalankhulabe, malo ake ali pululu.

Ukakwiya kwiya, koma undilembere. Amati chibale ndi fupa, sichiola. Sabata ino ndikudalira mawu amenewo kuposa mapiritsi.

Undiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali, kwa apongozi ako, ndi kwa adzukulu onse asanu ndi awiri, aliyense payekha.

Ndine mkulu wako,
amene adzaimirire Loweruka, undikhululukire kaya ayi.