Chitenje Chanu Chobiriwira Chija

Amayi, kaya kukucha bwanji kumeneko? Kuno ku Chinsapo tilipo. Kwa achimwene a Yohane kwabadwa mwana wamkazi, mphuno yanu yeniyeni. Koma achimwenewo andikwiyitsa: timabowo tanu tapamwamba pa khoma tija anatitseka ndi simenti, ati tikulowetsa fumbi. Pano m'nyumba muli ngati mu uvuni.

Nkhani yaikulu ndi ya kuntchito kwanga kojambula mapulani. Mutangotisiya, tinapatsidwa ntchito yojambula nyumba ya maofesi ya nsanjika zisanu ndi ziwiri ku City Centre. Mwini wake ankafuna magalasi okhaokha, kuyambira pansi mpaka pamwamba. Ine ndinakana. Ndinati makina oziziritsa adzadya magetsi tsiku lonse, magetsi akenso omwewa ongozimazimawa. Abwana anandiuza poyera kuti mwiniyo akatithawa, inenso ndilongedze.

Ndinachita zanu zija, Amayi. Mukukumbuka pomanga nyumba ino, mutakweza chitenje m'mwamba kuti muone kochokera mphepo? Munakangana ndi Che Yusufu, mmisiri uja, mpaka anatseka zenera la kumadzulo. Munkati, "Dzuwa lizithera pakhonde, m'nyumba mwanga ayi." Ine ndinkachita manyazi anthu akamationa.

Ndiye ndinatenga chitenje chanu chobiriwira chija, n'kukaima nacho pamalo omangapo. Azibambo a zipewa zolimba aja anaseka mpaka kugwira m'mimba! Mazenera ndinawalozetsa kumpoto ndi kummwera, otsekuka ndi dzanja, lililonse ndi kakhonde kake. Pakati ndinasiya mpata woti mpweya wotentha uzikwera n'kutulukira kudenga. Mwiniyo anavomera monyinyirika, ine zaka zitatu mtima uli m'mwamba.

Lachiwiri lapitali kunali chithukuthuku choopsa chija cha mvula isanagwe, magetsi n'kuzima m'mawa. A m'nyumba yamagalasi yoyandikana ndi nyumba ya maofesi ija anatuluka onse, kukakhala pansi pa mitengo akudzikupiza ndi mafayilo. M'nyumba yomwe ndinajambula ine anangotsekula mazenera, ntchito n'kumapitirira. Ndinakwera masitepe mpaka pamwamba, makatani akuuluzika ngati chitenje chanu. Ndinalira, Amayi, sindikubisirani. Inu osadziwa ngakhale kulemba dzina lanu, koma mwaziziritsa nyumba yonse ija. Ntchito ndikadali nayo.

Loweruka lino nditenga hamala ndi tchizulo, timabowo tanu tija ndititsekule ndekha. Achimwene akafuna kukwiya akwiye.

Ndimakukondani kwambiri,
Ine mwana wanu Tiyanjane