Ndinasintha Nyimbo Pawailesi, Tsopano Bambo Sakundilankhula

Aphungu,

Ndine mtsikana wachisilamu wa zaka 24 ndipo ndimakhala pa Chifunga kuno ku Neno, pomwe bambo anga ali ndi golosale. Kwa zaka ziwiri ndakhala ndikugwira ntchito mongodzipereka pa kawailesi ka m'dera lathu. Poyamba ndinkangowerenga mauthenga a maliro ndi a mbuzi zosowa, koma mu Juni anandipatsa udindo wokonza ndandanda wa nyimbo za sabata yonse. Ndinasangalala kwambiri. Lero ndikulemba kalatayi ndilibe mtendere, kunyumba ngakhale kuntchito.

Nditangolandira udindowo ndinatenga kope n'kuyamba kulemba nyimbo iliyonse imene tinkaika. Sabata itatha ndinapeza kuti pa nyimbo khumi zilizonse, zisanu ndi imodzi zinali za makwaya, zitatu za achinyamata zochokera ku Joni ndi ku Nigeria, ndipo imodzi yokha inali ya oimba ena a m'Malawi muno. Kaswida, nyimbo zimene ife Asilamu timatamanda nazo Mulungu, panalibe ngakhale imodzi. Oimba a m'midzi yathu ino, aja a banjo ndi ng'oma, nawonso ayi. Ku Dambe kuli mkulu wina, a Lucius, amene akhala akuimba banjo yopanga okha kuyambira ine ndisanabadwe, koma mawu awo anali asanamvekepo pawailesi ya kwawo komwe.

Ndiye ndinasintha. Lachisanu masana ndinaika ola limodzi la kaswida. Loweruka madzulo ndinaika oimba a kwathu kuno, omwe ndimawajambula ndekha pafoni. Achinyamata sindinawalande kanthu, ndipo pulogalamu yawo yopempha nyimbo ndimaiyendetsa ndine. Kuti malo apezeke ndinachotsa maola awiri a makwaya. Sindinafunse aliyense poti ndinkaona kuti ntchitoyo anapatsa ine.

Loweruka loyamba a Lucius anabwereka foni kwa aneba awo n'kundiimbira. Anati, “Mwanawe, ndimayesa ndidzalowa m'manda ndi banjo yangayi osamvedwa kuseri kwa phiri.” Tsiku limenelo ndinaona kuti ndachita chinthu chanzeru.

Koma Lolemba wapampando wa komiti ya wailesiyi, a Binwell, amenenso ndi mkulu wa mpingo, anandipeza ku ofesi. Anati, “Achemwali, tinakupatsani ndandanda kuti muusamale, osati musandutse wailesi mzikiti. Kodi mukudziwa kuti ola mwachotsalo linali la kwaya ya amayi a ku Nsambe? Anasonkhana kuzungulira wailesi imodzi kudikira kuti adzimve, n'kumva zina.” Ine mtima unakwera, ndipo ndinawayankha pamaso pa anzanga kuti wailesi si tchalitchi chawo. Anangotenga chipewa chawo n'kutuluka.

Kunyumba ndinkaganiza kuti bambo akondwa ndi kaswida uja. Poyamba anakondwadi. Koma tsiku lina womvera anapempha nyimbo yatsopano, ine n'kuiika osayamba ndaimvetsera. Inali ndi mawu olaula, m'Chichewa chomveka bwino. Inalira m'golosale mwa bambo muli ashehe ndi amayi awiri ogula sopo, ine nditangotchula kumene dzina langa. Nditafika kunyumba bambo anati, “Iwe, ukamatchula dzina lako pamenepo umatchulanso langa. Ola limodzi la kaswida silingatsuke zimene ndamva lero. Siya zimenezo, bwera uzigulitsa muno.” Papita masabata atatu tsopano. Amangoyankha moni basi, ndipo mng'ono wanga akuti mawu anga akangomveka, bambo amatseka wailesi.

Komiti ikumana kumayambiriro kwa mwezi wamawa, ndipo ndamva kuti a Binwell akufuna ndandanda wakale ubwerere ndiponso udindowu apatse wina. Aphungu, mbali ina akuti ndachulutsa Chisilamu, mbali ina akuti ndataya Chisilamu. Ntchitoyi ndimaikonda. Kodi ndingosiya kuti bambo amasuke, kapena ndilimbane nawo akomiti?

Y.L., Chifunga, Neno

*

Achemwali Y.L.,

Musasiye, komanso musakalimbane ndi munthu. Maso anu anaona bwino: wailesi ya m'dera imene siimveketsa a Lucius ndi Asilamu a pa Chifunga ndiye kuti ikutumikira theka la anthu ake. Koma njira imene munayenda ndiyo yakupwetekani, ndipo ndikuuzani mosabisa kuti mwalakwa pawiri.

Choyamba, amayi a ku Nsambe aja. Inu munawerenga nyimbo zawo pamodzi ndi makwaya a m'tauni ojambulidwa ku situdiyo, n'kunena kuti zonsezo ndi zauzimu, zachuluka. Komatu amayiwo ndi oimba a kwanu komweko, chimodzimodzi a Lucius. Chimwemwe chimene mkuluyo anamva Loweruka lija ndi chomwecho chimene inu munawalanda amayiwa, opanda ngakhale uthenga wowachenjeza. A Binwell analankhula udyo pa nkhani ya mzikiti, koma pa amayi aja ananena zoona.

Choncho musadikire tsiku la komiti. Sabata ino pitani kunyumba kwawo a Binwell, osati ku ofesi, mukapepese chifukwa chowayankha mwano pagulu. Pepesani pa mayankhidwe okhawo; za kaswida musapepese. Muwauzenso kuti ola la amayi a ku Nsambe mukulibwezera sabata ikubwerayi, ndipo mulibwezedi. Malo ake muwapeze pochepetsa makwaya akutali ndi nyimbo zakunja, zimene aliyense akhoza kuzimva pa mawailesi akuluakulu kapena pafoni.

Tsiku la komiti tengani kope lanu lija. Musakalankhule ngati Msilamu amene akupempha gawo la Asilamu, chifukwa mukatero aliyense akhala kumbuyo kwa chipembedzo chake ndipo mugonja. Mukafunse funso limodzi: pa nyimbo khumi zimene tikuika, ndi zingati zoimbidwa ndi anthu a ku Neno? Kwaya ya ku Nsambe, banjo ya ku Dambe ndi kaswida wa ana a pamadrasa a pa Chifunga, zonsezi zili mbali imodzi ya funso limeneli. Musanapite, funsaniko omvera. Imani pamsika, pachigayo, ngakhale pamzere wa kusikelo, mulembe zimene anthu akufuna kumva ndi nthawi imene amatsegula wailesi. Musaiwale anamwino ndi aphunzitsi ochokera kutali, nawonso ndi omvera anu. Kenaka mupemphe kuti komiti ivomereze ndandanda wolembedwa, usainidwe, upachikidwe pakhoma, ndipo uziunikidwa pakatha miyezi itatu iliyonse. Ukakhala wa komiti, wodandaula sadzalozanso chala inu nokha. Ngati n'kotheka, mnzanu wachikhristu aziyendetsako ola la kaswida, inu muziyendetsako la makwaya. Zidzaphunzitsa anthu msanga kuposa mawu anu onse.

Kulakwa kwachiwiri ndi nyimbo yolaula ija, ndipo apa bambo anu alibe mlandu. Munthu wachita manyazi m'sitolo mwake, pamaso pa ashehe, chifukwa mwana wake sanamvetsere nyimbo ya mphindi zinayi. Nyimbo yotero ikanakwiyitsanso a Binwell, ndiye si nkhani ya chipembedzo, ndi ya ulemu. Dziikireni lamulo lero lomwe: nyimbo imene simunaimve kuyambira poyamba mpaka pomaliza isalire, ngakhale wopemphayo aimbe foni kasanu. Achinyamata sathawa chifukwa cha zimenezo. Nyimbo zovinika zopanda zolaula zilipo zambiri.

Bambo musakawapeze ali pakauntala. Pemphani mayi anu, kapena azakhali ngati alipo, akhale nanu pansi. Vomerani kulakwa popanda “koma”, muwauze za lamulo mwadziikiralo, ndipo muwapemphe mwezi umodzi woti akumvereni asanagamule. Pa mwezi umenewo muzithandizako m'golosale masiku amene simuli pawailesi. Akapanda kuyankha tsiku lomwelo musadabwe. Bambo amene wakwiya masabata atatu sasintha nkhope mwana akuona. Mudzangomva kwa mng'ono wanu kuti zinthu zafewa.

Mwina komiti idzakulandanibe udindowu. Zikatero landirani, pitirizani kujambula oimba a m'midzi, ndipo muzipereka nyimbozo kwa amene walowa m'malo mwanu. Wailesi za m'madera zimasowa anthu akhama, adzakufunaninso.

Chenjezo langa ndi ili: nkhaniyi isafike pamaikolofoni. Musaponye mawu okuluwika pakati pa nyimbo, musasankhe nyimbo yoti imubaye wina, ndipo womvera akaimba foni kuti akuikireni kumbuyo ponyoza a Binwell, mudule msanga. Zolankhulana m'chipinda zimatha ndi kugwirana chanza, koma zimene boma lonse la Neno lamva simungazitolenso.

Aphungu